Kodi ku Ogaden bwenzi anali ndani?

Inu odziwa ndale za dziko lapansi, mundithandize. Ine ndine munthu wamba, ndipo pali nkhondo ina imene ndikaiwerenga mutu umaima. Ndi ya pakati pa Ethiopia ndi Somalia, yomwe inabuka mu Julayi 1977 n'kutha mu Malichi 1978. Ankalimbirana Ogaden, chigawo chouma cha kum'mawa kwa Ethiopia, komwe ambiri okhalako ndi Asomali oweta ngamila, mbuzi ndi nkhosa. Mpaka pamenepo ndikumva bwinobwino. Oyandikana kukanganirana malire si zachilendo. Somalia anali atanena kale maganizo ake pa mbendera: nyenyezi yoyera ija ili ndi nsonga zisanu, ndipo imodzi imaimira Asomali a ku Ogaden. Ethiopia naye anali ndi pogwira, chifukwa bungwe la OAU linagwirizana ku Cairo mu 1964 kuti malire amene mayiko anawapeza polandira ufulu asasunthidwe.

Zimayamba kundisokoneza alendo akalowapo.

Ethiopia wa Mfumu Haile Selassie, yemwe uja dzina lake lili pa msewu wina mu Blantyre, anali bwenzi la America. Anasainirana pangano mu 1953. America anapatsidwa malo a Kagnew ku Asmara oti aikepo zipangizo zake zomvetsera ndi kutumizira mauthenga, ndipo Ethiopia ankalandira zida, kuphatikizapo ndege zankhondo za F-5. Somalia wa Siad Barre, yemwe analanda boma mu 1969, anali bwenzi la Soviet Union, ndipo pangano lawo la ubwenzi linasainidwa mu 1974. A Soviet anapereka ndege za MiG ndi akasinja oposa 200, anaphunzitsa asilikali, iwo n'kupatsidwa doko la Berbera, pafupi ndi njira ya sitima zolowera ku Red Sea.

Funso langa loyamba ndi lachibwana, koma ndifunsabe. A Soviet popereka akasinja onsewo ankaganiza kuti alowera kuti? Kumpoto kwa Somalia kuli nyanja, kum'mawa kulinso nyanja, ndipo kasinja sayandama. Alangizi awo ankaiona mbendera ija m'mawa uliwonse ikukwezedwa pamsasa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawerenga nsonga za nyenyeziyo?

Mu Seputembala 1974 asilikali a ku Ethiopia anachotsa mfumu ija pampando n'kukhazikitsa boma la kagulu kotchedwa Derg. Mu Febuluwale 1977 Mengistu Haile Mariam anaphetsa anzake ena a m'kagulumo n'kutsala yekha pamwamba. Mu Epulo anatseka Kagnew ndi kuthamangitsa alangizi a zankhondo a ku America, mu Meyi n'kupezeka ali ku Moscow. Basi, Soviet Union inakhala ndi mabwenzi awiri oyandikana, onse otamanda Marx ndi Lenin, onse onena kuti anthu ogwira ntchito a m'mayiko onse ndi pachibale. Fidel Castro anayesa kuwayanjanitsa. Mu Malichi 1977 anawakumaniza ku Aden, ndi maganizo oti Ethiopia, Somalia ndi South Yemen apange chitaganya chimodzi cha sosholizimu. Siad Barre anaponda mwala, Mengistu nayenso sanagonje. Ndiye ndifunse: chiphunzitso chimene ankati chidzagwirizanitsa dziko lonse lapansi chinalephera bwanji kugwirizanitsa amuna awiri okhala m'chipinda chimodzi?

Nkhondo itayamba, Somalia anathamanga nayo. Asilikali ake, limodzi ndi zigawenga za gulu la Asomali a ku Ogaden lotchedwa WSLF, analanda pafupifupi Ogaden yense m'miyezi yowerengeka. Njanji yochokera ku Addis Ababa kupita ku Djibouti, yomwe inkanyamula katundu wambiri wa Ethiopia, inadulidwa. Mu Ogasiti analephera kulowa mumzinda wa Dire Dawa, koma mu Seputembala analanda Jijiga n'kuyamba kuzinga mzinda wakale wa Harar.

Tayang'anani tsopano kumwamba m'miyezi imeneyo. Uko kukubwera ndege ya F-5, yopangidwa ku America, woyendetsa wake wophunzitsidwa ndi a ku America, koma akumenyera boma limene langothamangitsa America. Uku kukubwera MiG, yopangidwa ku Soviet Union, woyendetsa wake wophunzitsidwa ndi a Soviet, koma akumenyera boma limene likugogoda pakhomo la America kupempha thandizo. M'mlengalengamo F-5 ndi imene inapambana. Pansi pali mayi pachitsime, akumwetsa mbuzi zake, mwana ali kumsana. Bomba likagwa pachitsimepo, mayiyo anene kuti wamuphera ziweto ndani? Amene anapanga ndege, amene anaigula, kapena bwenzi latsopano la amene anaigulayo?

A Soviet anagwira njakata kwa kanthawi, kenaka anasankha. Anasiya kutumiza zida ku Somalia. Pa 13 Novembala 1977 Siad Barre anang'amba pangano la ubwenzi lija, analamula alangizi a Soviet kuti achoke pasanathe masiku owerengeka, n'kuthetsanso ubale ndi Cuba. Apa ndiye pamene ndimafuna munthu wondifotokozera pang'onopang'ono. Alangiziwo anali atakhala zaka ndi asilikali a Somalia. Ankadziwa kuchuluka kwa akasinja, kumene kunali nkhokwe za zipolopolo, mkulu wa asilikali wolimba mtima ndi wamantha, ngakhale kamenyedwe kawo, popeza anawaphunzitsa ndi iwowo. Ena mwa iwo posakhalitsa anapezeka ku Ethiopia akulangiza mbali inayo. Kwathu kuno nkhoswe ya kuchimuna itati idzuke tsiku lina n'kukakhala pamphasa ya kuchikazi, itanyamula zinsinsi zonse za banjalo, mudzi wonse ungaiwowoze, ndipo palibe angadzaitumenso. Nanga bwanji dziko lalikulu litachita zomwezo, mayiko ena anapitirizabe kusaina nalo mapangano a ubwenzi?

Kuyambira kumapeto kwa Novembala, ndege zikuluzikulu za Soviet zinkatera ku Ethiopia usana ndi usiku, sitima nazo zikutsitsa katundu kudoko. Zida zake zinali za ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni. Kunabwera mkulu wa asilikali Vasily Petrov kudzayendetsa dongosolo la nkhondo. Kunabwera asilikali a ku Cuba pafupifupi 15,000, ena kuchokera ku Angola, motsogozedwa ndi Arnaldo Ochoa. South Yemen nayo inatumiza ake. Mnyamata wobadwira pachilumba cha nzimbe, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, anakafera pamiyala ya ku Harar. Asilikali a Somalia amene ankamuwombera anali oti chaka chapitacho boma lake linkawatcha abale. Kodi makolo ake anawauza kuti mwana wawo wafera chiyani?

Ndinauzidwa kuti nthawi imeneyo dziko linagawika pawiri, a chikomyunizimu uku, a kuzambwe uko. Ndikayesa kuika anthu a ku Ogaden m'magulu awiriwo, sakukwanamo. Israel, bwenzi la pamtima la America, ankathandiza Mengistu mwakachetechete, mbali yomweyo imene kunali Cuba, mpaka nduna yake Moshe Dayan inaulula poyera mu Febuluwale 1978, Mengistu n'kuchita manyazi, kuwathamangitsa. Kenya wa Jomo Kenyatta, yemwe sankafuna n'kumva komwe za chikomyunizimu, anaima ndi Ethiopia, chifukwa nsonga ina ya nyenyezi ija inkaloza chigawo chake cha kumpoto chakum'mawa. M'mwezi womwewo wa Febuluwale a Kenya anakakamiza ndege ya Egypt yonyamula zida za Somalia kuti itere ku Nairobi. Saudi Arabia, Egypt ndi Iran wa Shah anali kumbali ya Siad Barre, munthu woti dzana lomweli ankadzitcha msosholisiti ndipo mu 1975 anaphetsa atsogoleri khumi a chipembedzo cha Chisilamu chifukwa chotsutsa lamulo lake la za mabanja. Kodi pamenepa tinganene kuti ankamenyera chiphunzitso? Chiti?

America naye sanandithandize kumvetsa. Mu Julayi 1977 boma la Jimmy Carter linalengeza kuti ndi lokonzeka kupatsa Somalia zida zodzitetezera. Patangopita milungu yochepa linabweza mawu, litaona kuti asilikali a Somalia ali mkati mwa dziko la eni. Siad Barre anataya bwenzi lakale asanagwire latsopano, n'kusowa mtengo wogwira. Koma mfuti yodzitetezera imaoneka bwanji? Ikafika pamalire imakana kulira?

Mapeto ake sanachedwe. Asilikali a Ethiopia ndi Cuba anazungulira kuseri kwa mapiri n'kulandanso Jijiga pa 5 Malichi 1978. Pa 9 Malichi Siad Barre analengeza kuti akuchotsa asilikali ake ku Ogaden. Anthu zikwizikwi anali atafa, ndipo malire sanasunthe ngakhale phazi limodzi. Opambanawo anaima pamalire, osalowa mu Somalia, ndipo a ku Moscow anali atatsimikizira kale a ku Washington kuti zidzatero. Funso limene limandisowetsa tulo ndi ili: ngati akuluakulu awiriwo ankatha kumvana za pomwe nkhondo ikathere, chinawaletsa n'chiyani kumvana mu Julayi kuti isayambe n'komwe?

Ku Washington nkhondoyi inawakwiyitsa pa chifukwa china. Zbigniew Brzezinski, mlangizi wa Carter pa zachitetezo, ankati zimene a Soviet anachita ku Ogaden zinaononga kukhulupirirana pa zokambirana za SALT, zochepetsa zida za nyukiliya. Pangano la SALT II linasainidwa ku Vienna mu 1979, koma nyumba ya malamulo ya America sinalivomereze. Ndiye kuti kwa iwo chotayika chachikulu ku Ogaden chinali pepala la ku Vienna? Oweta ngamila aja, amene mazanamazana a zikwi anathawira m'misasa ya othawa kwawo ku Somalia, ankawerengedwa pati?

Za Berbera ndiye zimandiseketsa, ngakhale si zoseketsa. A Soviet anamanga kumeneko msewu wothamangapo ndege wotalika makilomita oposa anayi, umodzi mwa misewu yaitali kwambiri yotere mu Africa. Mu Ogasiti 1980 Somalia anasainirana ndi America kuti asilikali ake azigwiritsa ntchito doko ndi bwalo lomwelo. Bungwe la NASA linafika poika msewuwo pamndandanda wa malo amene chombo chake chopita kumlengalenga chingatere patagwa zadzidzidzi. Simenti yake yomweyo, dzuwa lake lomwelo, angosintha ndi alendo otera. Kodi n'kulakwa kuganiza kuti chimene onse awiri ankakonda ku Somalia ndi msewuwo?

Zotsatira zake aliyense angaziwerenge. Mu Epulo 1978 asilikali ena okwiya ndi kugonjako anayesa kugwetsa Siad Barre, ndipo amene anapulumuka anathawira ku Ethiopia n'kuyambitsa gulu loukira. Kwa zaka khumi, aliyense mwa atsogoleri awiriwa ankasunga ndi kudyetsa zigawenga za mnzake. Mu Epulo 1988 anagwirizana zoleka, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Chaka chomwecho ndege za boma la Somalia zinkanyamuka pabwalo la ku Hargeisa n'kumaponya mabomba pamzinda womwewo wa Hargeisa. Ku Ethiopia, njala ya 1984 itavuta, chakudya chambiri chothandizira anthu chinachokera ku America ndi ku Ulaya wa kuzambwe, pamene bwenzi la ku Moscow linkapitiriza kutumiza zida. Bwenzi lotha kunyamula akasinja pandege linalephera bwanji kunyamula tirigu wokwanira?

Ndimafunanso kudziwa amene anapambana. Ochoa, ngwazi ya ku Jijiga, anawomberedwa ndi boma lake lomwe ku Cuba mu Julayi 1989 ataweruzidwa pa mlandu wa mankhwala osokoneza bongo. Siad Barre anathawa mu Mogadishu mu Januwale 1991, n'kukamwalirira ku Lagos mu 1995, dziko lake litasweka. Mengistu analiyatsa liwiro la mtondo wadooka mu Meyi 1991 kupita ku Zimbabwe, komwe anapatsidwa malo. Mu Disembala chaka chomwecho Soviet Union yeniyeniyo inatha. America anabwereranso ku Somalia ndi asilikali mu 1992, n'kuchokako mu 1994 atataya anyamata ake m'misewu ya Mogadishu, yodzaza ndi zida zimene mbali zonse ziwiri zinasiya. Pa onsewa, ndiombere m'manja ndani?

Ena amandiuza kuti zimenezo ndi zakale, zinapita ndi nthawi yake. Mwina. Koma mu Januwale 2024 Ethiopia, yemwe alibe gombe chichokereni Eritrea, anasainirana ndi Somaliland, chigawo chimene chinadzipatula ku Somalia komwe kuli Berbera, zoti apeze njira ya kunyanja, boma la ku Mogadishu n'kupsa mtima. Mu Ogasiti ndege za Egypt zinatera ku Mogadishu zitanyamula zida, ndipo mu Disembala amene anakhazika pansi Ethiopia ndi Somalia ku Ankara ndi Turkey, yemwe ali ndi msasa wa asilikali mu Mogadishu momwemo. Doko la Berbera likuyendetsedwa ndi kampani ya DP World ya ku Dubai. Ku Djibouti, nsonga inanso ya nyenyezi ija, msasa wa asilikali a America ndi wa asilikali a China yatalikirana makilomita owerengeka okha, ndipo yonse iwiri imalipira lendi ku boma limodzi.