Mmene Mungalakwitsire Poperekeza Agogo Kuchipatala

Yambani ndi kuchedwa. Munalonjeza ku mphakati kapena ku Mvano kuti Lachiwiri mudzaperekeza agogo a m'dera lanu ku Area 23, ndiye fikani pakhomo pawo dzuwa litakwera. Pa chipatala cha Kawale mzere umayamba m'mamawa kwambiri, ndipo wochedwa amatsalira kumbuyo. Ngati agogowo ali ndi shuga ndipo anauzidwa kuti asadye kanthu asanayezedwe magazi, kuchedwa kwanuko kukhala njala, chizungulire ndi kunjenjemera pa benchi.

Za kabuku ka kuchipatala musafunse. M'kabukumo ndi momwe munalembedwa mapiritsi a BP amene akumwa, mlingo wake ndi tsiku lobwerera. Kakatsala kunyumba mudzagula katsopano kopanda kanthu, ndipo adokotala adzayamba kufunsa mbiri imene agogo sangathe kuikumbukira yonse.

Pa mayendedwe, sankhani chimene chikuthandizeni inu. Akwezeni kabaza wa njinga yamoto pa msewu wokumbika ndi mvula, ngakhale mukudziwa kuti mawondo ali ndi nyamakazi. Mu minibasi, alekeni akhale kumbuyo kwenikweni, osapempha kondakitala mpando wapafupi ndi chitseko. Ndipo lunjikani ku Kamuzu Central popanda kalata. Chipatalachi, chomwe chinatsegulidwa mu 1977, ntchito yake ndi kulandira odwala otumizidwa ndi zipatala zing'onozing'ono. Mukhoza kubwezedwa ku Kawale kapena ku Bwaila, ndalama ya ulendo itatha, agogo atatopa kale.

Zonsezi zimakonzeka ulendo wina. Chimene sichikonzeka msanga chimachitikira m'chipinda cha adokotala, ndipo mukhoza kulakwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuwasiya pakhomo, inu n'kupita kukayang'ana zamalonda mumsika wa Lilongwe. Munthu amene makutu ayamba kuvuta sadzamva dzina lake likuitanidwa. Akalowa, adzangovomera kuti "chabwino adokotala" pa chilichonse, chifukwa anakula akudziwa kuti wophunzira safunsidwa kawiri. Njira yachiwiri ndi yoipa kuposa: lowani nawo, muyankhule m'malo mwawo. Akayamba kufotokoza kuti mutu umagunda usiku, aduleni pakamwa munene kuti "ndi ukalamba chabe, amakonda kudandaula". Adokotala ali ndi anthu ambiri panja, adzakhulupirira inu. Agogo adzabwerera ndi Panado, pamene maso amene akuchita mdima mwina ndi ng'ala yochotseka ku Lions Sight First, pa Kamuzu Central pomwepo. Ine izi zimandiwawa, chifukwa amene amachita zimenezi kawirikawiri ndi anthu a mtima wabwino, ofulumira kuthandiza koma osapirira kumvetsera.

Mukabwerako, fotokozerani anthu zonse. Uzani amayi anzanu pa mpopi kuti agogo aja amakatenga mankhwala ku Martin Preuss, chipatala cha Lighthouse chothandiza anthu amene ali ndi HIV, chimene chili pa Bwaila. Simbani kuti analephera kutchula zaka zawo, kuti masiku ano amayankhula okha. M'dziko lino mawu otere amapha. Okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa powanamizira ufiti, nkhani imene bungwe loimira okalamba la MANEPO lakhala likuilira kwa zaka zambiri, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Lamulolo silingabweze mphekesera imene yatuluka m'kamwa mwa munthu yemwe agogo anamudalira. Chimene chidzachitike n'chakuti ulendo wina adzati "ndili bwino mwanawe, usavutike", ngakhale miyendo itatupa.

Pomaliza, pa zenera lolandirira mankhwala musafunse kamwedwe kake. Ikani timapepala tonse m'jumbo imodzi, mupatse munthu amene sangawerenge zilembo zing'onozing'ono. Akakuuzani kuti mtundu wina watha mukagule ku famase, sungani nkhaniyo mumtima, osaimbira mwana wawo amene ali ku Johannesburg, yemwe akanatha kutumiza ndalama tsiku lomwelo. Tsiku lobwerera musalilembe pena paliponse ndipo musauze mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. BP nthawi zambiri siipweteka ikamakwera, choncho mapiritsi akatha mwezi wamawa, agogo sadzadandaula ndipo palibe amene adzafunse.