Phwando la ku ofesi lautsa mapiri pachigwa ku Zomba

Disembala akangolowa, nkhani ya mtengo wa feteleza imayamba yapuma. Pa depoti, kwa Mpondabwino, ngakhale pa kabaza wopita ku Matawale, anthu akukamba za mapwando otsekera chaka m'maofesi.

Pa ofesi ina akuti chikalata chinatuluka chonena za phwando la Khirisimasi. Bambo wina wa Mboni za Yehova anangopepesa mwaulemu kuti sabwera. Abwana anakumbukira kuti a Mboni analetsedwa m'dziko muno kuyambira 1967 mpaka 1993 koma sanagonje, ndiye mpunga wa nkhuku ungawatani? M'mawa mwake chikalata chinasanduka cha msonkhano wounika ntchito za chaka. Holo inadzaza, ena n'kumanong'onezana ngati pali alawansi.

Kwina komiti yatuluka thukuta posankha tsiku. Lachisanu masana Asilamu ali ku mzikiti. Dzuwa likalowa, a Seventh Day ayamba Sabata mpaka Loweruka madzulo. Lamlungu ndiye musayerekeze. Atagwirizana za Lachinayi, mayi wina anakweza mkono: "Pepani apampando, limenelo ndi la Mvano."

Za mbuzi sizinavute. Kalembera wa 2018, amene anachititsa a National Statistical Office a konkuno, anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya Amalawi, ndipo pano pa Zomba suyenda mtunda osamva "salaam aleikum". Aliyense amadziwa kuti mpeni umaperekedwa kwa Msilamu, azinge yekha kuti tonse tidye. Okonda kapado auzidwa kuti akaotchere kuseri, pa mbaula yawoyawo. Wina atabwera ndi maganizo a mlamba wa ku Chilwa, a Sabata anapukusa mitu: nsomba yopanda mamba, ayi. Rasta wa pa ofesipo anati poti Khoti Lalikulu la ku Zomba linalamula mu 2023 kuti ana a madiredi aziloledwa m'sukulu zaboma, nayenso komiti imulole mphika wake wa nyemba ndi chisoso.

Imene yaseketsa anthu ku Chinamwali ndi ya kamtengo ka paini kamene wina anatsika nako kuphiri. Atakakongoletsa, mlembi anada nkhawa kuti nyenyezi ya pamwamba ikhumudwitsa anzathu achisilamu. Mlonda wachikulire, amene palibe anamufunsa maganizo, anati: "Isiyeni nyenyeziyo, achimwene, ife tingoikapo kamwezi pambali." Amene anakhumudwa anali mlendo wa zankhalango, yemwe anafuna kuona lisiti la mtengowo.

Zikuoneka kuti amene amaopa kwambiri nkhanizi ndi mabwana, pamene antchito anazithetsa kalekale kumaliro ndi kumaukwati. Pa Eid mbale ya mpunga imadumpha mpanda kupita kwa neba Mkhristu, pa Khirisimasi n'kubwerera ili ndi nkhuku yozinga bwino. Chofunika n'kufunsa munthu, osati kumuganizira.

Pemphero ndiye agawana monga mwa masiku onse: Mkhristu atsegula, Msilamu atseka. Dandaulo ndi lakuti mkulu wa mpingo wina anapempherera aliyense, kuyambira abwana mpaka magalimoto a kampani, nsima n'kuzizira. Koma itakwana nthawi ya zotsala, akuti Mkatolika, Msilamu, wa Sabata ndi Rasta onse anatulutsa makontena m'zikwama nthawi imodzi. Pamenepo sipanafunike komiti.