Abwana, tatilirireni mmene ikulirira

Palibe sukulu imene imaphunzitsa bambo wa ana atatu, tayi ili pakhosi, kuima pakati pa galaja n'kumalira m'malo mwa galimoto yake. Komatu ukakhala ndi galimoto yoti inadyapo kale moyo, ntchito imeneyi siithawika. Makaniko amangopukuta manja pa ovolosi n'kunena kuti, "Abwana, tatilirireni mmene ikulirira."

Yanga ndi Toyota Vitz ya 2007, ya masilinda atatu, yomwe inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe ili phee, ndi ulemu wonse wa ku Japan. Mahampu ndi maenje a mu Lilongwe muno ndi amene anaiphunzitsa kukweza mawu. Ndikangoponda moto pang'ono inkabangula, akabaza n'kupatukira kumbali poganiza kuti kukubwera thiraki ya simenti. Akacheuka n'kuona kanthu kolekeza m'chifuwa, ankaseka mpaka kuiwala pasenjala.

Mankhwala oyamba anali aja timawadziwa tonse: kukweza wailesi. Anagwira ntchito ndithu, kungoti mayi akunyumba anayamba kudandaula kuti tikamafika kutchalitchi mutu umakhala ukuwawawa, ine n'kumati ndi nyimbo. Alamu anga, omwe chibadwire sanagwirepo chiwongolero, anagamula kuti injini yatha. Aneba anati ndi mafuta a m'zigubu omwe ndinagula nthawi ija mafuta ankasowa. Apongozi sanatchule dzina la munthu, koma anandikumbutsa kuti si onse kumudzi anakondwera nditagula galimoto.

Ndiye ndinalowera ku galaja ina ya pa Biwi, ndipo ndinaliradi. "Vuuu, phwa-phwa-phwa!" Anyamata a sipanala anasiya ntchito. Mmodzi anapempha kuti ndibwereze poti mnzake anali kuseri.

Mwini galajayo, bambo wa imvi, sanaseke. Anati funso loyamba n'limodzi: kodi imalira ikamayenda pokha, kapena ngakhale itaima? Ichotseni mu giya, pondani moto. Phokoso likabwera galimoto ili chiimire, mlandu uli ku injini, ku lamba kapena ku ekizozi. Likamadikira kuti matayala agubuduke, suzumirani mabering'i, ma CV joint kapena giyabokosi. Ka "kwiii" kam'mawa, makamaka kukagwa mvula, ndi fanibeloti ikuterereka. "Gu!" wakamodzi ponyamuka ndi labala wogwira injini amene wang'ambika. Kuwirima komwe kumakula ndi liwiro, ngakhale phazi mutalichotsa pamoto, ndi bering'i.

"Kumvetsera n'kwaulere," iwo anatero, "koma anthu inu mumabwera mutagula kale mapulagi."

Ndinaika dzanja pathumba la jekete kuti kabokosi kasaonekere.

Injini ikulira motsitsa, mnyamata wina anatseka kukamwa kwa ekizozi ndi chisanza kwa kamphindi. Utsi utasowa potulukira, pansi pa mipando panamveka "fiii". Anaikweza galimoto, anaichirikiza bwino, n'kundiitana kuti ndidzadzionere. Ndinagwada, thalauza la ku ofesi pa dothi la oilo. Pa paipi, pafupi ndi polumikizira, panali kabowo kongolowa nsonga ya bolopeni, kozunguliridwa ndi mwaye wakuda bii, pambali pake pali chipsera chonyezimira pomwe hampu inakhula. Mkokomo wonse uja unkathawira pamenepo usanafike ku sailensa, yomwe ntchito yake ndi kuuziziritsa mtima. Ine amene usiku ndinkawerengera mtengo wa injini ya ku Dubai, ndinakhumudwa pang'ono. Munthu umafuna vuto lako likhale ndi ulemerero.

Bambowo sanalole kuti ndikapeputse kabowoko. Anati utsi wa ekizozi uli ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo kapena mtundu, ndipo ukamatulukira pansi pa galimoto umatha kulowa mkati, makamaka mawindo akatsekedwa. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ukachuluka umapha. Apa ndinakumbukira mutu wa mayi akunyumba. Nkhani imeneyi sindinaifikitsebe kunyumba, ndipo amene mumapemphera nawo mundisungire.

Wowotcherera akukonza zida zake, panatulukira mnyamata wina, sindikudziwa kuti anachokera kuti, n'kundinong'oneza kuti andichotsera catalytic converter mwaulere kuti galimoto "izipuma bwino". Ndinatsala pang'ono kumuthokoza. Mwini galaja anamupitikitsa ndi sipanala. Mkati mwa chitini chimenecho muli tizitsulo todula, platinum ndi palladium, ndipo chifundo cha mnyamatayo chinali ndi ogula ake kale.

Anawotcherera, ndinalipira, ndinanyamuka. Bata lake mpaka ndinkamva indiketa yanga. Koma nditafika pa raundabauti yoyamba, ndikukhotera kumanja phazi lili pamoto, kutsogolo kunamveka "kho-kho-kho-kho". Ndinabwerera. Anapinda tayala n'kundionetsa labala wa CV joint atang'ambika, girizi atamwazikira mkati monse mwa wilo, fumbi litalowa m'malo mwake.

"Imeneyi yakhala ikulira kalekale, abwana. Ekizozi ndi imene inkaibisa."

Atatchula mtengo wake ndinaliranso, ulendo uno popanda wondipempha. Pakadali pano ndikudikira malipiro. Choncho inu amene mukumandiona ndikudutsa pakhomo panu kawiri m'mawa uliwonse, musandiganizire zoipa. Ndikufunafuna njira yokafikira ku City Centre popanda kukhotera kumanja.