Makaniko wa pabalaza

Kunyumba kwathu kuli masipanala ambiri kuposa mabawuti amene ine ndinamasulapo chibadwire. Sindikunena monyada ayi. Mayi a ana akhala akuuza aliyense wobwera kudzacheza, ndiye ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi imveke kuchokera kwa mwiniwakene isanakafike kutchalitchi itathiridwa kale mchere.

Zinayamba ndi galimoto. Ndi ka Toyota Corolla kakale, kamodzi mwa tambirimbiri timene timatsika m'sitima ku Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe titatumikira kale eni ake ku Japan. Kagalimotoko kalibe mlandu, kangokalamba basi. Koma ndikapita kugalaja ndinkabwerako thumba litapepuka, ndipo chondiwawa kwambiri sichinali ndalamayo. Chinali kuona mnyamata wosamera n'komwe ndevu akumasula kabawuti kamodzi, kudikira kuti oilo atsike, kumanganso, ine n'kupisa m'thumba. Mumtimamu ndinati, munthu wa mapepala ngati ine, zimenezi zingandikanike? Anzathu amatha zaka ku Lilongwe Technical College akuphunzira ntchitoyi. Ine ndinaona kuti bandulo ya sabata imodzi ndi YouTube zikwanira.

M'malo mophunzira injini, ndinaphunzira mayina. Azungu a m'mavidiyo aja amakhala ndi makabati ofiira otalika kuposa iwo eni, ndipo asanagwire galimoto amayamba atchula kaye kampani imene inapanga chitsulo chili m'manja mwawo. Posakhalitsa ndinali nditadziwa kuti Snap-on ndi ya ku America, inayamba mu 1920, ndipo kwawoko amayenda nayo pagalimoto galaja ndi galaja, amakaniko n'kumalipira pang'onopang'ono. Ndinadziwa kuti Gedore inayamba mu 1919 mumzinda wa Remscheid ku Germany ndipo ili ndi fakitale ku South Africa, kufupi ndi Durban. Ndinadziwa za Bahco ya ku Sweden, za KTC ndi Koken za ku Japan. Zonsezi ndinkazilakatula nthawi ya nsima, ana akuyasamula. Mukadandifunsa kuti fyuluta ya oilo ili mbali iti ya injini, ndikadakuuzani kuti mubwere mawa.

Tsiku lina mayi a ana anadikira kuti ndimalize, kenako anafunsa mofatsa: “Nanga abambo, a Remscheid amenewa abwera liti kudzationera chitseko chakumbuyo cha galimoto chija? Ana atopa kutulukira pawindo.”

Kudziwa mayina n'kwaulere, kugula n'kumene kumafuna munthu. Ndinazungulira m'mashopu a zitsulo kwacha itangogwa kumene ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo imene ndinamva inandibweza kunyumba wapansi ndikuyankhula ndekha. Kenako mumsika ndinakumana nalo bokosi. Lakuda, lalikulu, lotseguka mbali ziwiri, m'kati mwake zitsulo zoposa 100 zili waliwali, chilichonse pakamphako kake. Dzina lolembedwa pachivundikiro linkamveka Chijeremani koma silinali pamndandanda wanga, ndipo ndinangoti mwina ndi kampani yatsopano imene azungu aja sanaidziwebe. Mtengo wa bokosi lonselo unali wochepa kuposa wa latcheti imodzi ya m'shopu. Wogulitsa anandiyang'ana nsapato, nati: “Bwana, inu mumazidziwa zinthu. Ena amangodutsa.” Mawu amenewo ndiwo anatsegula chikwama changa. Chikomekome cha mkuyu ndinachiphunzira ndili ku pulayimale, koma tsiku limenelo nyerere sindinazikumbukire.

Bokosilo ndinakaliika pabalaza, pansi pa TV, kuti alendo aziliona.

Loweruka m'mawa ndinavala ovolosi yatsopano, n'kuyala katoni pansi pa galimoto. Kabawuti kotsitsira oilo pa Corolla n'ka 14, koma ine nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti bawuti imakhala ndi nambala yake yokha. Ndinkayesa soketi iliyonse mpaka ina italowa bwinobwino. Inali yolembedwa 9/16. Pafupifupi theka la bokosi lija linali la mainchi, zida za galimoto zakale za ku America, zimene mumsewu wathu simunadutsepo n'imodzi yomwe. Nambala ya 9/16 ndi mamilimita 14.3, ndipo kampata kakang'ono kameneko n'kokwanira kuti soketi iterereke n'kudya makona a bawuti. Inaterereka. Ndinatenga sipanala yotsegula kukamwa ya 14, ndipo nditakoka mwamphamvu kukamwa kwake kunayasama. Ndinatenga shifitini. Ndinatenga pulayazi. Chida chilichonse chinkachotsako kona yake, mpaka mutu wa bawuti unatsala wozungulira, wosalala, wopanda pogwira. Ndiwonjezere kuti nthawi yonseyi, poti ndinali chagada, ndinkapotolera mbali yomangira.

Amene anadzandiwombola ndi madala ena a galaja ya pansi pa mtengo cha ku Biwi, amene anayamba ntchitoyi ngati sipanala boyi ine ndisanabadwe. Anafika panjinga, zida zawo zili m'thumba lakale la feteleza. Sanandiseke. Anayang'ana bawuti, anayang'ana ovolosi yanga, nafunsa kuti, “Mwana wanga, unayambana nayo chiyani?” Anatenga soketi ya 13 ya makona sikisi, naikhomera pamutu wodyekawo ndi hamala, nakoka kamodzi. Oilo anatsika. Beseni ndinali nditaliiwala m'khitchini.

Pamene ine ndinkathira mchenga pabwalo, iwo anakhuthula thumba lawo kuti ndione. Munalibe seti. Sipanala iliyonse inali ya mtundu wake, ina yakuda ndi ukalamba, ina yopindidwa dala pamoto kuti izifika pakona inayake. Anandiuza zambiri tsiku limenelo, koma ine ndinamvapo chimodzi chokha: pakati pa zitsulozo panali sipanala ya ring'i ya Gedore imene anati akhala nayo kuyambira unyamata wawo. Usiku womwewo ndinaimbira alamu anga ku Joni.

Seti ya Gedore imene ndinawatuma inabwera pabasi itakulungidwa m'bulangete, ndipo ndalama zake ndinazibweza pang'onopang'ono, mayi a ana akudziwa theka lokha la mtengo wake. Inali yokongola zedi, yolemera bwino m'manja, yogwira bawuti popanda kugwedera. Vuto linali loti ndinkaimvera chisoni. Chinthu chodula chonchi n'kuchipaka girisi? Ndinaiika m'sutikesi pamwamba pa wadilopu, pamodzi ndi mtchatho wathu ndi mapepala a sukulu, n'kupitiriza kuvulaza galimoto ndi shifitini.

Zimene madala aja ananena zinayamba kundilowa pambuyo pake, ndipo n'zimene ndingauze munthu amene akuyamba kumene. Galimoto ndiyo imakuuza zogula. Ya ku Japan imayankhula manambala ochepa: 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19, kuwonjezapo 21 ya manati a matayala a Toyota ndi soketi yaitali ya mapulagi, imene pa injini zambiri ndi ya 16. Nambala monga 13, 16 ndi 18 zimapezeka kwambiri pa galimoto za ku Ulaya. Munthu wokhala ndi Corolla, Vitz kapena Sienta akagula bokosi la zitsulo 100 ndiye kuti zambiri mwa izo wagulira dzimbiri. Soketi zikhale za makona sikisi, chifukwa zimagwira bawuti m'mbali mwake, pamene za makona 12 zimagwira pansonga, pomwe pamayambira kudyeka. Bawuti yolimba imayambidwa ndi ring'i kapena soketi. Kukamwa kotsegula n'kongothamangitsira ikamasuka kale. Shifitini, anatero madala, ndi ya mipope ya madzi.

Pa nkhani ya mayina maganizo anga tsopano ndi awa. Zida zapamwamba zija anapangira munthu amene amagwira sipanala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, chaka ndi chaka. Kwa iyeyo mtengowo umabwerera. Wophunzira wa Loweruka ngati ine sangaimalize sipanala yotero ngakhale atakhala ndi moyo kawiri. Pakati pa zodulazo ndi zopanda dzina pali zida za ku Taiwan monga King Tony ndi Force, zimene amakaniko ambiri amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, komanso za ku China zokhala ndi dzina lodziwika monga Ingco ndi Total, zimene zadzaza m'mashopu athu. Woyamba kumene ayambire pamenepo. Ndipo funso lofunika kufunsa wa m'shopu si loti chitsulochi chinachokera dziko liti, koma loti, “Ndikataya 12, mudzandigulitsa imodzi yokha?” Akati mpaka seti yonse, pitani shopu ina.

Zilembo za Cr-V zimene zimadindidwa pamasipanala zimatanthauza kuti m'chitsulomo muli chromium ndi vanadium, koma chidindo aliyense angathe kudinda, ndipo zanga za m'bokosi lakuda zija nazonso zinali nazo. Chimene chimalimbitsa sipanala ndi mmene anaiwotchera kufakitale, ndipo zimenezo diso siliona. Madala amayenda ndi manati awiri m'thumba la malaya, ya 10 ndi ya 14. Akafuna kugula amalowetsa natiyo n'kugwedeza. Ikamasewera m'kati amabweza chitsulocho osanena kanthu. Latcheti amaiika pakhutu n'kuipotokola. Imodzi ya 3/8 imakwanira ntchito zambiri za pa injini, koma pa mabawuti akuluakulu pamafunika chitsulo chachitali cha hafu inchi chimene amati pawaba. Ine ndinavekera paipi ku latcheti yanga n'kuimirirapo, mano ake n'kuthothoka onse nthawi imodzi, chibwano changa n'kukapsompsona madigadi.

Paipi yomweyo inandithyolera bawuti ya tayala. Ndinkaganiza kuti nati yomangidwa bwino ndi imene yalira. Buku la galimotoyo limati manati a matayala amangidwe pa 103 Nm, mphamvu imene munthu wamkulu amaifikitsa ndi manja popanda kudumphira. Chida choyezera mphamvu imeneyi, torque wrench, n'chimene wophunzira amachifuna kuposa katswiri, chifukwa katswiri muyezo uli kale m'dzanja mwake. Pa mapulagi m'pamene pamaopsa kwambiri: mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, ndipo ukamanga mopyola mazinga amatha, ndalama zokonzera n'kuposa za zida zonse pamodzi. Palinso timasikuluwu ta galimoto za ku Japan, tina tokhala ndi kadontho pamutu, timene timaoneka ngati ta sitala wamba koma ndi ta muyezo wawo wa JIS. Sikuludiraiva wamba imadumphamo n'kudya mutu. Za Vessel, za ku Japan komweko, zimakhazikika bwino. Izi ndinazidziwa nditadya kale timitu tingapo.

Chimene ndimachita nacho manyazi enieni ndi njerwa. Munthu amene anali ndi Gedore m'sutikesi ankalowa pansi pa galimoto itakwezedwa ndi kajeke kosinthira tayala, pambali pake atasanja njerwa zootcha. Njerwa sichenjeza, imangophwanyika. Mayi a ana atandipeza miyendo yokha ikuoneka sanakuwe. Anati, “Abambo, ngati mwaganiza zotisiya, mutiuziretu pamene mwaika makhadi a kubanki.” Masitandi awiri achitsulo okhazikapo galimoto ndinakagula Lolemba lake, ndipo pamenepo pokha m'pamene ananditumiza okha kuti ndikagule odula.

Setiyo inatsika pa wadilopu, ndipo tsopano ili ndi girisi. Itangotsika, banja lonse linazindikira kuti m'nyumba muli zida. Sipanala ya 10, imene pa galimoto imamasula batire ndi pafupifupi kalikonse kakang'ono, ndiyo imakwananso pa njinga ya mwana ndi pa chogwirira cha wilibala ya aneba. Ndagulapo zingapo, ndipo lero lino mutandifunsa sindingakuonetseni n'imodzi yomwe. Pulayazi imakhala kukhitchini, ntchito yake kunyamulira mbaula yamoto. Za m'bokosi lakuda zija nazo zinapeza ntchito zoziyenera: sikuludiraiva yaikulu n'chosonkhezera makala, soketi yaikulu koposa imaletsa chitseko cha bafa kumenyeka ndi mphepo, ndipo bokosi lenilenilo mayi a ana amasungiramo ulusi ndi mabatani.

Pano oilo ndimasintha ndekha, beseni lili pamalo ake. Mapulagi, batire ndi fyuluta ya mpweya sizindiopsanso. Chitseko chakumbuyo chija chinatseguka, ngakhale kuti tsopano chimatsegukira kunja kokha. Koma za mabuleki ndimapitabe ku Biwi, ndipo madala amaimbiratu foni kuti, “Mwana wanga, usaiwale kabokosi kako kaja, zida zako n'zabwino.” Amagwira ntchito ndi masipanala anga, ine nditakhala pa tayala lakale ndikuwapatsira chimene atchula, ndipo pomaliza amandilipiritsa mtengo womwe uja wakale. Ulendo wapitawu mnyamata wawo anabwereka 12 yanga ya Gedore kuti amalizire ka Vitz ka kasitomala wina. Akuti ndikaitenge Loweruka.