Tsiku lomwe ndinachita opaleshoni gadiyani

Njinga yanga ndi ya kaunjika, yochokera ku Japan, ndipo ndinaigula chifukwa cha nyali. Dayinamo yake si ija ya kabotolo kokhula tayala, imene inkalira ngati nyenje pa Humber ya malume. Iyi imakhala m'kati mwa habu ya kutsogolo, pambali atalembapo 6V 3W. Magetsi akazima ku Chinsapo, ndinkadutsa mumsewu anthu akupatuka, kuyesa kukubwera njinga yamoto ya munthu wolemera.

Lachiwiri lina nyali inathima. Wanzeru akanayamba wayang'ana babu, kenako waya. Ine ndinagadamitsa njinga, kuchotsa wilo, n'kupotokola ekiselo ndi zala. Inkagwira, kutaya, kugwira, kutaya, ngati muli mchenga.

"Matenda ndawapeza!" ndinalengeza pakhonde.

"Bambo a mwana, bwanji osapita nayo kwa amakaniko a pansi pa mango aja?"

"Iwowo anabadwa ndi sipanala m'manja?"

Ndinamasula mbali ya kumanja, komwe kuli kapulagi ka waya. Nati yoyamba inatuluka, yachiwirinso. Pa yachitatu ndinalimbikira ngati ndikukanganula nkhondo, kenako ndinangomva kuti thi! Kawaya kopyapyala ngati tsitsi kanandisuzumira, katamwalira. A Sturmey-Archer a ku Nottingham anayamba kupanga madayinamo a mu habu m'zaka za m'ma 1930, koma sindikhulupirira kuti ankadziwa zoti padziko pali amisiri onga ine.

M'mawa ndinanyamula wilo pamutu, zotsala zili m'jumbo.

"Madala, kugwiragwira kuja ndi maginito," anatero amakaniko. "Akamazungulira koyilo m'pamene magetsi amabadwa. Dayinamo yamoyo imatero."

Anatuma mnyamata wawo kukatenga njinga yonse. Anatsata waya ndi chala kuchoka pa nyali, ndipo pafupi ndi foloko anapeza pomwe khoswe anadyapo mgonero.

"Wodwala anali wayayu. Inu mwachita opaleshoni gadiyani."

Akabaza amene ankadikira kumatitsa machubu anaseka mpaka mmodzi anakhala pansi. Ndinasekako nawo, mano okha.

Tsono kusintha habu si kusintha tayala. Masipoko onse 36 amayenera kumasulidwa, limu itsale yokha ngati lichero lopanda pansi. Habu ina yogwirapo kale ndinaipeza mumsika, koma milomo yake inali yotambalala kuposa yakale, moti masipoko anga anatalika. Ndinagula ena. Pofuna kupulumutsa ndalama yamanja, ndi ulemu womwe unatsalako, ndinati kuluka ndiluka ndekha. Si ndinaonapo agogo akuluka dengu?

Dzuwa likulowa, masipoko awiri anali atatsala m'manja, opanda kwawo. Wilo ndinalibwezera choncho. Linkavina manganje, buleki ikuombera m'manja.

Ndinabwereranso pansi pa mango. Amakaniko sanayankhule. Anamasula dengu langa lonse, n'kuluka mwatsopano, sipoko iliyonse ikudumpha zinzake zitatu. Kenako anatenga kakiyi kawo, apa kumanga pang'ono, apo kumasula pang'ono, mpaka wilo linaongoka. Waya wa khoswe uja anamulumikiza m'mphindi ziwiri, ndipo ameneyo sanandilipiritse. Anati yekhayo ndi mphatso.

Nyali tsopano ikuwala. Koma dzulo ndinapotokola habu yatsopanoyo ndi zala, ndipo nayonso ikugwiragwira mokayikitsa ndithu. Ndinalowa m'nyumba kukafuna sipanala, osaipeza. Mayi a mwana akuti mwina anatenga ndi khoswe yemwe uja.