Mlandu wa milungu ya mu vidiyo

Bwalo linakhala pansi pa bwemba, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuwotcha mapazi. Wodandaula anali mwini nyumba ya vidiyo pamsika wa Makhanga. Oyankha mlandu anali anyamata anayi: wopalasa bwato, wa kabaza, woweta mbuzi ndi wina amene ntchito yake yodziwika n'kutchajitsa mafoni. Umboni unali benchi lothyoka pakati, lomwe analigoneka patsogolo pa a Nyakwawa.

"Takhuta, Mfumu," anayamba motero mwini vidiyo ataomba m'manja. "Ana awa akhala akuonera filimu ya Game of Thrones kwa ine usiku uliwonse. Dzana anayamba kufunsana kuti, atati abadwire m'dziko limenelo, angapemphere kwa mulungu uti. Posakhalitsa zibakera. Benchi langa ndi ili."

A Nyakwawa anayang'ana benchilo, n'kuyang'ana anyamatawo. "Dzikolo lili mbali iti? Kupitirira Morrumbala?"

Anaitana aphunzitsi a ku pulayimale kuti athandize bwalo. Iwo anafotokoza kuti dzikolo, lotchedwa Westeros, kulibe kulikonse. Analipeka ndi mlembi wa ku America, George R. R. Martin, m'buku lomwe linatuluka mu 1996, ndipo filimu yake inaonetsedwa kuyambira 2011 mpaka 2019. Milungu yonse ya m'menemo ndi ya m'mutu mwake.

"Ndiye kuti benchi lenileni lafera milungu yabodza," inatero nduna ya kumanja. "Tiimve milunguyo. Mwina ilipo ina yodziwa ukalipentala."

Woyamba kuima anali wopalasa bwato. Iye anasankha Mulungu Womizidwa, wa anthu a pazilumba zachitsulo. Anati mulunguyu amakhala pansi pa nyanja, ndipo ansembe ake akafuna kudzoza munthu amamumiza mpaka mpweya kutha, kenako n'kumutsitsimutsa pagombe.

Bwalo linangoti zii kwa kanthawi. Kenako gogo wina wamkazi anafunsa kuchokera pamphasa: "Mwanawe, ubatizo umenewo amachita kangati?"

"Kamodzi, agogo."

"Ife tamizidwa mu 2015, Ruo atatizungulira mpaka chakudya kumabwera pa helikopita. Tamizidwanso mu 2019 ndi namondwe Idai, mu 2022 ndi Ana, mu 2023 ndi Freddy. Ukawauze ansembe akowo kuti kuno ngakhale nkhuku ndi madikoni."

Mnyamatayo anayesa kudzipulumutsa ponena kuti anthu a mulunguyu ndi olimba mtima, salima, amangolanda za ena. Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Anati mpingo umenewo ulipo kale, umatulukira nthawi yolemba mayina a olandira ufa, ndipo mamembala ake madzi safika n'komwe pakhomo pawo. Nduna inalamula kuti mawu amenewo asalembedwe, koma aliyense anaona kumene maso a anthu analoza.

Wa kabaza anabwera ndi R'hllor, Mbuye wa Kuwala, mulungu wa moto. Dzinalo linamukanika kutchula mpaka nduna inamulola kumangoti "uja wa moto". Anati ansembe ake amavala zofiira zokhazokha.

"Ndi chipani?" anafunsa wina kumbuyo.

"Ayi, ndi mpingo."

"Zimayamba choncho."

A Nyakwawa anapukuta thukuta ndi chipewa. "Iwe, wabadwira m'chigwa muno. Nthawi ino anthu akugona panja chifukwa m'nyumba simukulowedwa. Pa milungu yonse yomwe mzunguyo anapeka, iwe n'kutolapo wa moto?"

Wa kabazayo anati mulungu wake yekha ndiye amaonetsa zozizwitsa zooneka ndi maso, chifukwa wansembe wake wamkazi, Melisandre, anaukitsa munthu wina wotchedwa Jon Snow atafa ndi mipeni. Apa bwalo linatchera khutu. Nduna inafunsa kuti kuukitsako analipira zingati. Atayankha kuti sanalipire kanthu, anthu anapukusa mitu: filimuyo apa ndiye yanamiza poyera, chifukwa aneneri omwe timawadziwa ife ngakhale madzi a m'botolo amagulitsa. Koma aphunzitsi, omwe zikuoneka kuti nawonso ankakhala pabenchi lomwelo usiku, anawonjezera kuti wansembe yemweyo anawotcha mwana wamkazi wa mfumu Stannis ali moyo, ati kuti nkhondo iyende bwino. Amayi anakuwa. A Nyakwawa anati mulungu wodya ana a mafumu asatchulidwenso pabwalo lawo.

Wotchajitsa mafoni sanachedwe. Iye anafuna chipembedzo cha Asanu ndi Awiri, mulungu mmodzi wa nkhope zisanu ndi ziwiri. Msungichuma wa mpingo wina anawerenga zala n'kunena kuti zimenezo ndi maenvulopu asanu ndi awiri Lamulungu lililonse, kupatula pepa sande. Mnyamatayo anakhala pansi yekha.

Woweta mbuzi ndiye anabweretsa nkhani yomwe inatenga nthawi. Anayankhula motsitsa mawu. Iye anakonda milungu yakale ya kumpoto kwa dzikolo, yopanda mayina, yopanda ansembe, yopanda buku, yopanda chopereka. Munthu amangopita kunkhalango, n'kukhala pansi pa mtengo wa khungwa loyera ndi masamba ofiira, womwe anausema nkhope, n'kunena za kumtima kwake.

Mawu oti "yopanda chopereka" anakopa abambo angapo, ndipo mmodzi anafunsa kumene amalembetsa. Wowotcha makala wina anafunsa kuti mtengo umodzi wotero ungatuluke matumba angati. Aphunzitsi anati funsolo silachilendo, pakuti m'nkhanimo anthu obwera anadula mitengo yambiri yotere kumwera kwa dzikolo.

Pamenepo mkulu wina wa imvi, yemwe anali chete chiyambireni, anagogoda pansi ndi ndodo. "Mwana uyu wapita kutali kukafuna chomwe chili m'boma lake lomwe. Nkhalango yosalowa nkhwangwa ilipo, ku Khulubvi. Ukafika umavula nsapato, ndipo nsalu yake ndi yakuda. Kachisi wa Mbona ali momwemo, ndipo makolo athu akaona chilala ankatumiza mapira kumeneko kukapempha mvula. Wafikako iwe?"

"Ayi, agogo."

"Koma mayina a mitengo ya kwa azungu ukuwadziwa."

A Nyakwawa anakweza dzanja. Anati za Mbona si za mu vidiyo, ndipo salola kuti dzina limenelo liikidwe mulu umodzi ndi milungu yogulidwa pa memori khadi. Mlembi wanune ndikuona kuti apa mfumu inanena zoona, ngakhale inanena mochedwa, mkuluyo atatha kale kumusambitsa chokweza mnyamata uja.

Nduna ya kumanzere inafuna kudziwa ngati kuli munthu wanzeru zake padziko lapansi amene anayamba walowadi mpingo wa mu filimu. Aphunzitsi anati alipo. Pa kalembera wa 2001 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 390,000 analemba kuti chipembedzo chawo ndi Jedi, cha mu filimu ya Star Wars, ambiri mongoseka boma. Anatinso mwini milungu ya ku Westeros sanamalize n'komwe nkhani yake: buku lachisanu linatuluka mu 2011 ndipo owerenga akudikirabe lachisanu ndi chimodzi.

"Anayamba ntchito n'kuisiya panjira?" anafunsa a Nyakwawa. "Ameneyo sanagwirepo ntchito kuno ku Chiromo?"

Kuseka kutatha, gogo wamkazi uja anapemphanso mwayi. Anati sakuona chifukwa chozunzira ana, pamene akuluakulu a m'mudzimo ali mu mpingo wopeka kuyambira 1997, chaka chomwe madzi anadula njanji pa Chiromo, pakati pa Makhanga ndi Bangula. Mpingowo, iye anati, ndi wa Kubweranso kwa Sitima. Alaliki ake amafika zaka zisanu zilizonse pa galimoto zazikulu, amagawa nsalu zokhala ndi nkhope zawo, amalalikira za mlatho, za msewu wa phula ndi za chikhoma chotchinga Ruo. Anthu amavina, amalulutira, n'kukapereka chopereka chawo m'bokosi. Mlaliki akapita, wodwala amawolokabe pa bwato kupita ku Bangula, ng'ona zikumuperekeza ndi maso. "Wa ana awa bola," anatero, "chifukwa akalipira pakhomo chinjoka cha mu filimumo amachionadi."

Nduna zonse ziwiri zinayang'ana pansi. Imodzi inali itavala malaya osokedwa ndi nsalu yoteroyo.

A Nyakwawa anafunsa anyamatawo funso limodzi lomaliza. Wina wa iwo atamwalira mawa, ndi mulungu uti mwa anayiwo amene anthu ake angabwere kudzagona pasiwa, kukumba manda ndi kuphika nsima ya adzukulu? Wopalasa bwato anati kwawoko maliro amangoponya m'nyanja. Wa kabaza anatsegula pakamwa kuti anene za moto, koma malume ake anamutsina.

Chigamulo chinali chotere. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo, choncho bwalo silingaletse wina kupembedza mulungu wa pa foni, bola asamize munthu, asawotche mwana, ndipo asapemphe malo omangapo kachisi, poti malo a kumtunda ndi omwe anthu akulimbirana. Anyamata anayiwo asonkhe ndalama ya benchi latsopano pasanathe sabata ziwiri, ndipo aliyense apereke nkhuku ya bwalo. Wa Mulungu Womizidwa, popeza madzi sawaopa, aziwolotsa amayi oyembekezera ulere mwezi wonse wa Febuluwale. Woweta mbuzi adzale mitengo khumi m'mbali mwa dimba la kwawo ndipo mbuzi zake zisaidye. Mwini vidiyo nayenso analipitsidwa nkhuku imodzi chifukwa choonetsa ana asukulu filimu yomwe aphunzitsi anavomera, mochita manyazi, kuti anthu ake savala mokwanira.

Nkhani ya mpingo wa Sitima a Nyakwawa anati ndi yaikulu kuposa bwalo lawo, ndipo anaiimitsa mpaka alaliki ake adzabwerenso.