Ulemu kwa Bwana Mulu wa Manyowa

Vulani zipewa, abale, tikudutsa kuseri kwa khitchini, kwa Bwana Mulu wa Manyowa. Musagwire mphuno, n'kupanda mwambo. Ndani winanso pamudzi pano amene amalandira makoko a nthochi, mapesi, phulusa, zitosi za nkhuku ndi ndowe za ng'ombe osakwinya nkhope?

Feteleza wa m'thumba ndi wonyada. Amabwera pa sitima, kutsikira ku Beira kapena ku Nacala, ndipo saponda m'dziko muno popanda ndalama zakunja. Chiyambireni makuponi mu 2005, anthu akhala akugona pamzere kumudikirira. Bwanawa alibe nazo ntchito zimenezo. Safunsa chiphaso cha unzika, netiweki siwavuta. Amangofuna msana wanu basi.

Koma msanawo amaufunadi! Muwasanjikire bwino: zouma, zaziwisi, ndowe, kadothi pang'ono, kenako muyambirenso. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, zidebe zitandandana pa mjigo, iwonso amafuna madzi awo. Mukachulutsa amanunkha, mukachepetsa amangogona osapsa. Alangizi amati mubaye ndodo pakati, ikhale kanthawi, muizule n'kuigwira. Ikatentha ndiye kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tili kalikiliki; ikazizira, tengani fosholo muwatembenuze. Ena amawamata ndi matope n'kuwatcha Chimato. Osapirira amathawira kwa Mbeya, uja wosakaniza feteleza pang'ono ndi gaga, phulusa ndi ndowe, womangidwa m'thumba masabata atatu. Bwanawa sathamangitsidwa. Miyezi iwiri kapena itatu muzingowapatsa moni.

Kuchereza alendo ndiye musanene. Chiswe, bongololo ndi ntchentche zonse ndi abale awo, ndipo mukaponyako mkute, makoswe amasamukira komweko ndi ana omwe. Nkhuku za aneba zimalawirira mbandakucha kudzapalasa zonse munasanja dzulo. Njere za udzu zimene sizinapse ndi kutentha amazisunga mokhulupirika, n'kudzakubwezerani pa bedi la mpiru, osasowa ngakhale imodzi. Walira mvula walira matope. Komabe amadziwa basela: apa phwetekere wongomera yekha, apo bonongwe, uko dzungu limene palibe analibzala.

Akapsa amada bii, n'kumayoyoka m'manja, fungo lawo ngati la mvula yoyamba. Dothi lamchenga limayamba kusunga chinyezi, lamakande limafewa, nyongolotsi zimabwerera, ndipo kuthirira kumachepako. Nayitrojeni ali naye wochepa, n'zoona. Pamene feteleza mumayeza ndi kachitsekero ka botolo, iwo amafuna wilibala. Pa ekala yonse ya chimanga mungathyoke nawo. Koma pa mabedi ochepa a kuseri kwa nyumba, repu amatambasula masamba mpaka mwini nkhuku zija kutuma mwana ndi kambale kudzapempha ndiwo.